Laxton: mudzi wa ku England umene minda yake ilibe mipanda

Munthu woyenda m'midzi ya pakati pa dziko la England amazolowera kuona minda yodulidwa timagawo ta ngodya zinayi, kalikonse kozingidwa ndi mpanda wa mitengo yaminga, nyumba ya mlimi ili payokha pakati pa malo ake. Ambiri amayesa kuti dzikolo lakhala choncho chikhalire, koma ayi. Mipanda yambiri ya m'dera limeneli inabzalidwa pakati pa 1750 ndi 1850. Kale, kuyambira ku Yorkshire kutsetsereka mpaka ku Dorset, anthu ankakhala mothithikana m'mudzi umodzi, ndipo kunja kwa mudziwo kunkakhala minda ikuluikulu iwiri kapena itatu yopanda mpanda, yogawidwa m'ndime zing'onozing'ono mazanamazana. Lero kwatsala mudzi umodzi wokha kumene ulimi wotere ukuyendabe ndi malamulo ake komanso bwalo lake la milandu. Mudziwo ndi Laxton, m'chigawo cha Nottinghamshire.

Minda ya ndime zotere ikupezekanso ku Braunton m'chigawo cha Devon ndi ku Isle of Axholme m'chigawo cha Lincolnshire, koma kumeneko aliyense amalima mmene wafunira. Ku Laxton alimi akadali omangidwa ndi pangano limodzi lonena munda uti ubzalidwe chiyani chaka chino, malire adutse pati, ndipo wolakwa alipire zingati. Pangano limeneli ndi limene lasunga maonekedwe a malowa.

Dothi lofiira pakati pa mchenga ndi mtsinje

Laxton ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kumpoto chakumadzulo kwa tauni ya Newark, pang'ono chabe kumadzulo kwa msewu waukulu wa A1 wochokera ku London kupita ku Edinburgh. Anthu ake ndi mazana ochepa okha. Kum'mawa kwake kuli chigwa cha mtsinje wa Trent. Kumadzulo kuli nkhalango ya Sherwood, yomera pa mchenga wosasunga madzi umene alimi akale sankaufuna. Pakati pa ziwirizi padutsa kamtunda ka dothi lofiira lamakande, ndipo mudziwu wakhala pamenepo.

Dothili ndi lachonde, limakonda tirigu ndi nyemba, koma ndi lovuta. Likanyowa limakakamira ku nsapato ndi ku pulawo. Likauma limachita gwa n'kung'aluka. Masiku amene limalimika bwino pachaka ndi owerengeka, ndipo amene walowetsamo ng'ombe kapena thirakitala likadali lonyowa amalitsendera, mizu ya mbewu n'kumalephera kulowa pansi kwa zaka zingapo. Madzi a mvula salowa msanga. Amayenda pamwamba, kusonkhana m'malo otsika n'kukumba timakwawa. Pafupifupi chilichonse chimene diso limaona ku Laxton chinayamba ndi funso la momwe angachotsere madzi m'munda popanda kuwathira m'munda wa mnansi.

Mu 1086 Mfumu William, imene inalanda England mu 1066, inachititsa kalembera wa malo ndi chuma cha dziko lonse, wolembedwa m'buku lotchedwa Domesday. Laxton ilimo, ngati malo a Geoffrey Alselin, ndi anthu 35 owerengedwa, 6 mwa iwo akapolo. Popeza ankawerenga makamaka mitu ya mabanja, anthu onse a m'mudzimo ankapitirira 100. Kumpoto kwa mudziwu kuli chitunda chachikulu chounjikidwa ndi manja, chozunguliridwa ndi ngalande yakuya, ndi mabwalo awiri otchingidwa ndi mitumbira ya dothi. Apa panali linga. Eni ake, a banja la de Caux kenako a de Everingham, anali ndi udindo wosiyirana woyang'anira nkhalango za mfumu m'derali, kuphatikizapo Sherwood, kotero m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 Laxton inali malo ofikako akuluakulu, ndipo Mfumu John inagonako kangapo. Anthu anachuluka, mitengo inagwetsedwa, minda inatambasuka mpaka kumalire a mudzi. Udindowo utachoka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, Laxton inabwerera kukhala mudzi wa alimi basi. Tchalitchi cha St Michael, chachikulu kuposa msinkhu wa mudziwu, chikusungabe manda a banja la de Everingham.

Kamangidwe ka mudzi nako kakuonetsa ulimi wake. Nyumba za alimi, makola ndi nkhokwe zandanda m'mbali mwa msewu wa pakati pa mudzi. Kuseri kwa nyumba iliyonse kuli kamalo kopyapyala koma kotalika, kolimapo ndiwo ndi kusungirapo ana a ng'ombe, kokathera ku kanjira ka kuseri. Makoma a njerwa zofiira amene alipo lero ndi a m'ma 1700 ndi 1800, koma malire a mapuloti ndi akale kwambiri kuposa pamenepo. Mlimi amene ndime zake zamwazikana kum'mwera, kumadzulo ndi kum'mawa alibe chifukwa chokamanga kumunda. Pafupi ndi ndime zake zonse ndi pakati pa mudzi.

Chuma chachikulu cha mbiri ya Laxton ndi mapu a 1635. Sir William Courten, wamalonda wa ku London amene ndalama zake zinatumizanso atsamunda oyamba a Chingelezi ku chilumba cha Barbados, anagula malowa mu 1625 ndipo anafuna kudziwa chenicheni chimene wagula. Analemba ganyu woyeza malo dzina lake Mark Pierce, amene anajambula ndime iliyonse n'kuipatsa nambala, ndipo m'kaundula wapadera analemba kukula kwake ndi dzina la woilima. Anapeza maekala 1,894 a minda yopanda mpanda, ogawidwa m'ndime 2,280. Ndiye kuti ndime imodzi kawirikawiri sinkakwana ekala. Pa mapuwo pali tizithunzi ta anthu akulima ndi pulawo, akufesa, akukolola. Mapuwo akusungidwa ku Bodleian Library ku Oxford, ndipo munthu atha kuima nawo m'munda lero n'kupeza njira ndi makwawa omwewo. Mu 1640 malowa anagulidwa ndi Robert Pierrepont, Earl of Kingston, ndipo anakhala m'banja limenelo, lomwe pambuyo pake linadziwika ndi dzina la Manvers a ku Thoresby, kwa zaka zoposa 300.

Zimene pulawo inalemba pa dothi

Ndime zinali zazitali ndi zopyapyala chifukwa cha pulawo. Dothi lamakande linkafuna pulawo yolemera, yokhala ndi mpeni wocheka dothi choimirira, khasu locheka pansi, ndi thabwa lopindika lotembenuzira chibuma kudzanja lamanja. Yoikoka inali ng'ombe zapagoli zofika mpaka zisanu ndi zitatu, ziwiriziwiri. Mlimi wamba analibe ng'ombe zochuluka chotero, choncho anansi ankasonkherana. Kutembenuza mndandanda wa ng'ombe wotalika choncho kunali chintchito, ndiye nzeru inali yoti mzere ukhale wautali, kutembenuka kukhale kochepa. Muyezo wakale wa ekala unachokera pomwepa: mayadi 220 m'litali, omwe ndi mamita 201, ndi mayadi 22 m'lifupi. Ndime zenizeni sizinkatsata muyezowu ndendende, zinkatsata mmene malo akhalira.

Wolima ankayamba pakati pa ndime. Ankapita kumapeto, kutembenukira kumanja, n'kubwerera chibuma chikugwera pa chibuma choyamba chija. Ankazungulira choncho mpaka kufika m'mphepete. Popeza thabwa linkaponya dothi mbali imodzi yokha, chaka chilichonse dothi linkasunthira pakati. Patapita mibadwo, ndime iliyonse inasanduka mtumbira wautali wokwera pakati, wotambalala mamita 5 mpaka 10, ndipo pakati pa mtumbira ndi unzake pankatsala khwawa. Mizere ya kwathu kuno imaphwanyidwa n'kuunjikidwa pena chaka ndi chaka, pomwe mitumbira imeneyi inkakhala pamalo amodzi zaka mazanamazana. Khwawalo linkagwira ntchito ziwiri, kukhala malire ndi kutsitsa madzi. N'chifukwa chake ndime ankaziyala motsata kutsetsereka kwa malo, ndipo malo akasintha kopendekera, gulu lina la ndime linkayamba loloza kwina. Chaka cha mvula yambiri mbewu inkachita bwino pamsana pa mtumbira, chaka chouma inkachita bwino chakumunsi. Mtumbira ukakwera mopitirira, nthaka yachonde yonse inkathawa m'mphepete, choncho nthawi zina m'chaka chogoneka munda ankalima mozungulira chakumanzere kuti dothi libwerere.

Pali zizindikiro ziwiri zimene wodziwa amayang'ana. Choyamba, mitumbira yakale siyowongoka, imapindika pang'ono kumapeto onse awiri ngati chilembo cha S cholembedwa chagada. Woyendetsa ng'ombe ankayamba kuzikhotetsera kumanzere asanafike kumapeto kuti zipeze mpata wotembenukira kumanja pulawo ikadali m'dothi. Mitumbira yowongoka bwino ndi yopyapyala imakhala ya pambuyo pake, ya nthawi ya mahatchi. Chachiwiri, kumutu kwa ndime kumakhala chitunda chopingasa. Apo ndi pomwe pulawo inkatembenukira, wolima n'kupala dothi lokakamira ku thabwa. Dothi la dzanja limodzi pa kutembenuka kulikonse, kwa zaka mazana angapo, linaunjika chitunda choti munthu n'kuchiona ali patali. M'minda imene ikulimidwabe mathirakitala asalaza mitumbira yambiri. Imaoneka bwino m'malo amene anasanduka msipu kalekale, makamaka dzuwa likapendeka kapena chipale chofewa chikayamba kusungunuka.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu mmodzi ankakhala ndi ndime makumi angapo zomwazikana m'malo moziphatikiza? Akatswiri a mbiri amatsutsanabe za chiyambi chake, koma phindu lake ndi loonekeratu. Aliyense ankalandirako dothi labwino ndi loipa, lapafupi ndi lakutali, louma ndi lonyowa. Matalala kapena chiwawu zikagwa mbali imodzi, banja silinkataya zonse. Pa nthawi imene mbewu imodzi yofesedwa inkabweza zitatu kapena zinayi zokha, kupewa chaka cha njala kunali kofunika kuposa kupindula kwambiri chaka chabwino.

Minda itatu, zaka zitatu

Minda ya Laxton ndi West Field, Mill Field ndi South Field. Pa mapu a 1635 panalinso East Field, waung'ono, umene unkayendera limodzi ndi West Field mpaka unazingidwa mipanda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mill Field unatenga dzina kuchokera ku chigayo choyendera mphepo chimene chinaima pamalo okwera mpaka chinagwa mu 1916.

Kasinthasintha wake ndi wotere. Chaka choyamba munda wonse umafesedwa tirigu m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, amamera, amapirira chisanu chonse ali wamfupi, n'kudzakololedwa mu Ogasiti. Chaka chachiwiri munda womwewo umadikira mpaka Malichi kapena Epulo n'kufesedwa mbewu ya nyengo yofunda, monga balere, nyemba kapena nsawawa. Chaka chachitatu umagonekedwa. Pa chaka chilichonse munda umodzi uli ndi tirigu, wina mbewu yachiwiri, wina ukupuma.

Kugoneka munda sikunali kungousiya. Ankaulima kawiri kapena katatu m'miyezi yotentha kuti mizu ya udzu woyanga ndi zomera zaminga itembenuzidwe n'kuuma ndi dzuwa, ndipo nkhosa za mudzi wonse zinkadyamo n'kusiyamo manyowa. Pa makande, mlimi wodumpha ntchito imeneyi ankakolola udzu m'malo mwa tirigu, ndipo njere za udzu wake zinkauluka kupita kwa anansi a mbali zonse ziwiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 bwalo linalola kuti m'munda wogonekedwa muzibzalidwa udzu wodyetsa ziweto, chifukwa mlimi wolipira lendi sangathe kusiya gawo limodzi mwa magawo atatu a munda wake osabereka kanthu.

Ziweto ndi zimene zinkakakamiza anthu kulima mofanana. Kukolola kukatha, belu la tchalitchi linkaimbidwa kulengeza kuti munda watsegulidwa, ndipo ng'ombe, nkhosa ndi mahatchi za onse okhala ndi ufulu zinkalowa kukadya ziputu paliponse, mosayang'ana kuti ndime iyi ndi ya yani. Munda wa tirigu unkatsekedwanso pa 15 Okutobala, wa mbewu yachiwiri pa 23 Novembala. Munthu amene akanabzala mbewu yochedwa kucha pakati pa tirigu wa anzake akanaipeza itadyedwa. Ufulu wodyetsa unali wowerengedwa, banja lililonse linali ndi chiwerengero chake cha ziweto, apo ayi olemera akanamaliza msipu osauka asanatulutse ng'ombe yawo imodzi. Chiweto chosokera chinkagwidwa ndi munthu wosankhidwa ndi bwalo n'kutsekeredwa m'khola la mudzi, ndipo mwini wake ankachiwombola ndi ndalama. Kudyetsera pamodzi kotereku kunatha, poti misewu yodutsa m'mindayi inadzaza magalimoto, koma udindo wa wogwira ziweto zosokera ukusankhidwabe.

Pakati pa ndime pali malo a udzu amene sanalimidwepo, otchedwa sykes. Amatsata makwawa ndi malo onyowa kapena otsetsereka kwambiri, ndipo ndiwo ngalande komanso njira zofikira ku ndime. Kale ankamangiriramo ng'ombe ndi mahatchi pa chingwe. Chifukwa sanaonepo pulawo, muli maluwa ndi mitundu ya udzu imene inatha m'madera ambiri a England, ndipo ena mwa malowa ndi otetezedwa ndi lamulo. Udzu wake umagulitsidwa pa okushoni mu Juni, ndipo mwa mwambo wopikisana nawo ayenera kukhala munthu amene utsi wake umatuluka pa nyumba ya ku Laxton. Wogula saloledwa kuthira feteleza, ndipo amadikira kumweta mpaka maluwa atagwetsa njere. Akathira feteleza, udzu wamphamvu umakula msanga n'kuphimba timaluwa, ndipo zimene zinatenga zaka mazana kuti zikhazikike zimatha m'zaka zochepa.

Tsiku la zikhomo

Mtima wa zonsezi ndi bwalo lotchedwa Court Leet. Mabwalo otere analipo m'midzi yambiri, koma lamulo la Administration of Justice Act la 1977 linawalanda mphamvu zoweruza milandu. La ku Laxton linatchulidwa padera n'kusiyiridwa mphamvu zake, kotero chindapusa chake ndi chenicheni, si sewero la alendo.

Chakumapeto kwa Novembala, alimi 12 olumbiritsidwa pamodzi ndi kapitawo wawo amakwera ngolo yokokedwa ndi thirakitala, atanyamula mitolo ya zikhomo za mtengo, nyundo ndi fosholo. Amapita ku munda umene unagonekedwa ndipo wangofesedwa kumene tirigu. Amasankha umenewo chifukwa mizere ya pulawo ikadali yatsopano, aliyense akuona pomwe mnzake wathera, ndipo malire okhomedwa tsikulo ndi amene agwire ntchito zaka zitatu zikubwerazo. Amagawana timagulu n'kuyenda wapansi m'matope, kutsata mphepete mwa udzu ndi njira. Pomwe chikhomo chakale chawola kapena chathyoledwa ndi makina, amakhoma chatsopano. Pomwe pulawo yalumpha malire n'kudya udzu, amakangana kaye za pomwe mzere weniweni unali, kuyang'ana chikhomo cha kumbuyo ndi cha kutsogolo, kenako amakhoma pamalo oyenera n'kulemba dzina la mwini ndime.

Milandu yake ndi yaing'ono poimva. Wina walima mopitirira malire. Wina potembenuza pulawo wasiya zibuma pa udzu kapena pa njira osazibwezera m'ndime yake ndi fosholo. Wina sanakonze ngalande. Wina popopera mankhwala opha udzu wawauza mphepete mwa malo otetezedwa aja. Koma taganizani za mzere umodzi wa pulawo, wotambalala masentimita 30, pa ndime yotalika mamita 200. Amenewo ndi masikweya mita 60. Munthu akamaba mzere umodzi wokha chaka chilichonse, mwana wake adzapeza njira ya ngolo itatha. Zibuma zosiyidwa pa udzu zimatseka madzi, ndipo amene amamira ndi wa ndime ya kumunsi, osati wozisiyayo. Munda uliwonse umayenderedwa kamodzi pa zaka zitatu, choncho wina atha kuyesa kuti zapita, koma paja mlandu suola.

Akabwerako amakadya ku Dovecote Inn, nyumba ya mowa ndi chakudya ya m'mudzimo, ndipo ali pomwepo amalemba pepala la olakwa ndi chindapusa chimene akuganiza. Patatha sabata imodzi bwalo lenileni limakhala m'nyumba yomweyo. Wotsogolera ndi loya woimira mwini malo, ndipo mthenga wa bwalo, yemwe ndi munthu wa m'mudzimo, ndiye amatsegula ndi mawu akale oitanira anthu. Maina onse amaitanidwa, wosabwera amalipira 2 pence. Wolakwa ali ndi mpata wodziteteza, chindapusa chitha kutsitsidwa kapena kukwezedwa, ndipo pomaliza alimi ena amalumbiritsidwa kuti adzayendere munda wotsatira.

Chindapusacho ndi mapaundi ochepa, osakwana n'komwe mtengo wa dizilo wa tsiku limodzi. Mphamvu ya bwaloli ili pena. Oweruza ndi anansi ako, amene chaka chamawa iwenso udzawaweruza, ndipo kawirikawiri dzina la mmodzi wa olumbiritsidwawo limapezeka pa pepala lomwelo la olakwa. Mlimi sangakane kuti sadziwa malire pomwe iye mwini anagwira nyundo pokhoma chikhomo. Boma likanatumiza woyendera wake ndi mapu, sakanatha kusunga malire a ndime zopanda mpanda mmene anthuwa amawasungira.

Mmene midzi ina inazingidwira, ndi chifukwa chake Laxton inatsala

Ulimi wotere unali ndi mavuto ake, ndipo amene ankaudandaula sankanama. Nthawi inkathera m'njira kuchoka ku ndime iyi kupita ku iyo. Nkhosa imodzi ya mphere inkapatsira gulu lonse. Munthu sankatha kusankha nkhunzi yabwino pomwe ziweto zonse zili pamodzi. Wofuna kuyesa mbewu yatsopano ankadikira mudzi wonse uvomere. Koma chimene chinathamangitsa kusinthaku ndi lendi, chifukwa malo ozingidwa ankabwereketsedwa pa mtengo wokwera kwambiri, nthawi zina kuwirikiza kawiri.

Pakati pa 1604 ndi 1914 nyumba ya malamulo inavomereza malamulo oposa 5,200 ozingira malo, okhudza maekala pafupifupi 6.8 miliyoni. Ndondomeko yake inali yoti eni malo apemphe lamulo, ndipo chivomerezo chinkawerengedwa potengera kukula kwa malo, osati kuchuluka kwa anthu. Eni magawo atatu mwa anayi, kapena anayi mwa asanu, akavomera, zinkatheka, ngakhale atakhala anthu awiri okha. Kenako ankasankha makomishonala, kawirikawiri atatu, ndi woyeza malo. Iwo ankawerengera mtengo wa ndime ndi ufulu wa aliyense, kufafaniza malire onse akale, kulambula misewu yowongoka, n'kupatsa aliyense malo ake pamodzi. Wolandira ankayenera kukumba ngalande, kubzala mpanda wa mitengo yaminga ndi kuutchinjiriza ndi matabwa mpaka utakula, ndiponso kusonkha ndalama zolipira maloya ndi oyeza. Kwa wa malo aang'ono mtengo wa mpanda pa ekala unali waukulu, ndiye ambiri ankagulitsa. Amene ankadyetsa ng'ombe kapena kutola nkhuni mwa chizolowezi chabe, opanda chikalata, sankalandira kalikonse. Zokolola zinakwera m'madera ambiri, ndipo mabanja ochuluka anasanduka aganyu. Zonse ziwiri ndi zoona.

Chitsanzo chili pafupi pomwepo. Kum'mawa kwa Laxton kuli kamudzi ka Moorhouse, ka nyumba zowerengeka, kamene kali m'parishi imodzi ndi Laxton. Minda yake inazingidwa pakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo kachalichi kake kanamangidwanso cha m'ma 1860 ndi ndalama za John Evelyn Denison wa ku Ossington, amene pa nthawiyo anali sipikala wa nyumba ya malamulo. Woyenda kuchoka ku Moorhouse amadutsa pakati pa mipanda, kenako mipanda imatha, maso n'kuona kutali mbee.

Laxton nayo inadyedwa m'mphepete. M'zaka za m'ma 1720 ndi 1730 eni malo anazinga madambo a udzu ndi malo a kumalire n'kutsegula mafamu oima paokha monga Brockilow ndi Knapeney. Koma pakati panatsala, ndipo sichinali chikondi cha mbiri chimene chinapasunga. Poyamba eni malo akuluakulu, a Manvers ndi a banja la Savile a ku Rufford, sankagwirizana. Atasinthana malo m'zaka za m'ma 1860, ndalama za a Manvers zinali zikuthera pa kumanga chinyumba chatsopano cha Thoresby Hall. Chitatha chimenecho, tirigu wotsika mtengo wochokera ku America anasefukira m'misika ya Britain kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, lendi inagwa, ndipo panalibenso wofuna kuwononga ndalama pa mipanda ya minda ya tirigu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anangophatikiza ndime zing'onozing'ono kuti zikule. Pofika 1938, pomwe C. S. Orwin ndi C. S. Orwin, mwamuna ndi mkazi wake, anatulutsa buku lawo lofufuza za mudziwu, anthu anali atazindikira kuti palibenso wina wotere.

Mu 1952 Earl Manvers wachisanu ndi chimodzi anagulitsa Laxton ku unduna wa zaulimi kuti ulimiwu usathe. Mu 1981 malowa anapita ku Crown Estate, bungwe loyang'anira malo a ufumu wa Britain, ndipo mu 2020 anagulidwanso ndi a Thoresby. Minda yopanda mpanda yatsala maekala pafupifupi 483, omwe ndi mahekitala 195, m'ndime 164. Ndime ya lero ndi pafupifupi maekala atatu. Alimi olima m'mindayi sakwana 20, onse ndi a lendi, ndipo aliyense alinso ndi malo ena ozingidwa kunja kwa minda itatuyi.

Vuto la lero ndi la ndalama ndi makina. Mafamu a ku Laxton ndi aang'ono powayerekeza ndi mafamu a tirigu a kum'mawa kwa England, kotero ambiri mwa alimiwa ali ndi ntchito ina yowathandiza. Chopopera mankhwala cha masiku ano chimatambasula mikono mamita 24 kapena kuposa, ndipo ndime siinapangidwire muyezo umenewo, choncho mlimi amatseka mbali ina ya chopoperacho kapena kupopera malo amodzi kawiri. Chomwaza feteleza chimaponya timibulu kupitirira malire. Makina okolola amataya nthawi kuyenda pakati pa ndime zotalikirana. Ndalama za boma zolipira alimi osamala zachilengedwe, zimene Laxton inayamba kulandira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zimatseka ena mwa mabowo amenewa, koma malamulo ake akhala akusintha chichokereni Britain mu European Union mu 2020. Palinso nkhani ya chiwerengero. Mlimi akapuma ntchito, njira yopindulitsa mwini malo ndi kugawira anansi ndime zake n'kubwereketsa nyumbayo kwa munthu wogwira ntchito m'tauni. Zikachitika kangapo, alimi otsala sangakwane 12 ofunika pa tsiku la zikhomo, ndiye mwini malo aliyense wa Laxton amayenera kupeza alimi atsopano ovomera kukhala m'mudzimo, kutsata kasinthasintha wa zaka zitatu ndi kuweruzidwa ndi anansi awo.